Tisheti ya ku Sturgis ndi jekete la achimwene

Chaka chatha ndinagula tisheti yakuda pa kaunjika mumsika wa Zomba. Sindinaikonde kwenikweni, kungoti nsalu yake inali yokhuthala ndipo mayi ogulitsawo anavomera mtengo umene ndinatchula. Kutsogolo kwake kunali chiwombankhanga chitatambasula mapiko pamwamba pa njinga yamoto. Kumbuyo kunalembedwa Sturgis, pansi pake South Dakota, kenako chaka china chimene ine ndinali ndisanabadwe n'komwe. Ndinaivala semesita yonse osadziwa chimene ndikulengeza, monga timachitira ambirife. M'kalasi mwathu muli mnyamata amene tisheti yake imamuchitira umboni kuti anali nawo pamkumano wa banja lina la ku Texas, chonsecho iyeyo ngakhale ku Mwanza sanapondeko.

Usiku wina ndikuzemba asayimenti, ndinalemba dzina lija pafoni kuti ndione kuti Sturgis n'chiyani. Panabwera zithunzi za njinga zamoto zitandanda mumsewu mpaka kosaoneka, azibambo a ndevu zaimvi, azimayi atamanga timipango kumutu. Pakati pa zithunzizo panali china chosiyana: chofunda chachikulu choyala pabedi, chopangidwa ndi zigamba zakuda, chigamba chilichonse chili ndi chithunzi ndi dzina la tauni. Nditachikulitsa ndinazindikira kuti zigambazo anali matisheti odulidwa. Chimodzi mwa izo chinali ngati m'bale wake wa tisheti imene inali m'thupi mwanga nthawi yomweyo.

Ndinaseka. Ndinamuonetsa mnzanga amene timagona chipinda chimodzi, iye n'kungoti, "Aise, anthu awa alibe mavuto." Tinagwirizana kuti kukhuta n'koipa. Munthu kugula njinga ya mtengo wa nyumba, kuyenda nayo osati kuntchito kapena kumaliro koma kungoyenda basi, kugula tisheti paliponse pamene waima, kenako n'kuwadula onse ndi sizasi adakali abwinobwino.

Ndikulemba lero chifukwa ndinasiya kuseka. Sindinasanduke wokonda Harley-Davidson, ndipo pali zina m'chikhalidwe cha okwera njingawa zimene sindigwirizana nazo mpaka pano, ndizitchula. Koma ndafika pokhulupirira kuti pa zonse zimene anthu amenewa amachita, chofunda chija ndicho chanzeru kwambiri, kuposa njingayo, ndiponso kuti ine ndi mnzanga uja tinaseka chinthu chimene tinali tisanachimvetse.

Ndiyambe ndi kumene matishetiwo amachokera. Sturgis ndi katauni ka anthu pafupifupi 7,000, m'mphepete mwa mapiri a Black Hills, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku Mount Rushmore kumene anasema nkhope za apulezidenti anayi pathanthwe. Mu 1938 kagulu ka okwera njinga kotchedwa Jackpine Gypsies, motsogozedwa ndi Clarence Hoel amene ankagulitsa njinga za mtundu wa Indian m'tauniyo, kanakonza kampikisano. Mwambowo unakula pang'onopang'ono, ndipo lero Ogasiti aliyense katauni kaja kamasefukira. Mu 2015, pa chikondwerero cha nambala 75, kunafika anthu oposa 700,000. Tangoganizani pafupifupi mzinda wonse wa Blantyre utatsanuliridwa pa trading centre kwa sabata imodzi, ambiri atabwera pa matayala awiri, ena atayenda masiku atatu kapena anayi.

Ndipo Sturgis si yokha. Kuli Daytona ku Florida, kuli Laconia ku New Hampshire, kuli msewu wakale wa Route 66 wochokera ku Chicago mpaka kunyanja ku Santa Monica, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000. M'malire a Tennessee ndi North Carolina muli kamsewu kotchedwa Tail of the Dragon, ka makilomita 18 okha koma makona ake 318. Amene anatsikapo phiri lopita ku Chikwawa pa minibasi akudziwa mmene makona ochepa chabe amazunguzira mutu. Kumeneko anthu amachita kuwafunafuna makonawo.

Pafupifupi sitolo iliyonse yogulitsa njinga za Harley-Davidson ili ndi matisheti akeake. Kutsogolo kumakhala chizindikiro cha kampani, kumbuyo dzina la sitoloyo, tauni yake, ndi chithunzi cha chinthu chodziwika kumeneko, kaya ndi mlatho, phiri kapena ng'ona. Wokwera akafika tauni yachilendo amagula imodzi, ngati chidindo cha mu pasipoti. Pa msonkhano uliwonse ngati wa ku Sturgis pamagulitsidwanso ina yokhala ndi chaka. Pakatha zaka 20 kabati yadzaza. Ena mwa matishetiwo sakukwananso chifukwa mimba inakula, ena anasuluka, koma mwini wake sangawataye. Kapena mwini wakeyo kulibenso, ndipo mkazi wake waima patsogolo pa kabati yotsegula osadziwa poyambira.

Chofunda chotere Achimerika amachitcha quilt, ndipo chimasiyana ndi bulangete la m'sitolo chifukwa chili ndi magawo atatu osanjikizana. Pamwamba pamakhala zigamba zolumikizidwa, pakati thonje lopyapyala lopatsa kufunda, pansi nsalu imodzi yaikulu. Wosoka amadutsitsa ulusi m'magawo onse atatu, mizeremizere kapena mokhotakhota, kuti thonje lisaunjikane mbali imodzi pochapa. Vuto ndi lakuti tisheti ndi nsalu yosamva: imatamuka, ndipo ukaidula m'mphepete mwake mumapindika. Telala aliyense wapakhonde akuuzani zimenezi. Choncho asanadule amayamba amata kansalu kena kopyapyala kuseri kwake posita ndi simbi yotentha, kuti ilimbe ngati nsalu ya malaya. Akatero amadula chigamba cha masentimita 30 kapena 40 mbali iliyonse, mosamala kuti chithunzi chikhale pakati. Mizere isanu ya zigamba zinayizinayi ndi matisheti 20, ndipo chimenecho chimafunda munthu wamkulu bwinobwino. Ena amasoka zonse pamakina wamba a kunyumba. Ena amangolumikiza zigamba n'kukapereka kwa munthu amene ali ndi makina aakulu a mkono wautali kuti amalize. Mulimonsemo ndi ntchito ya masiku ambiri, yowerama, ndipo sizasi ikadutsa polakwika palibe sitolo yokagulako tisheti ina ya chaka chomwecho.

Chimene chinandigwira mtima poyamba si luso la manja koma kusankha kumene wosoka amachita. Matisheti a okwera njinga pafupifupi onse ndi akuda, ndiye akangowalumikiza chofunda chimaoneka ngati usiku wopanda mwezi. Ayenera kuganiza zowalekanitsa ndi timizere ta nsalu yaolenji, kapena yotuwa, kapena yojambulidwa malawi a moto. Ayenera kusankha kuti awandandalike motsata zaka, kapena motsata mapu, kapena aike pakati tisheti ya ulendo umene anakumanirana ndi mwamuna wake. Ayeneranso kusankha pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo kwa tisheti iliyonse. Pa zofunda zambiri zimene ndaziona pazithunzi, kumbuyo ndiko kumachuluka, kumene kuli dzina la malo. Munthu amene akuchita zimenezi akulemba mbiri ya moyo wa mnzake, kusankha mitu, kuchotsa zina, kusiya zina. Ife timaphunzitsidwa kuti mbiri imalembedwa ndi anthu a madigiri n'kusungidwa ku National Archives. Uyu akulemba yake patebulo lodyera.

Tsopano za kuwononga, zimene tinasekera zija. Mawu ake ndi omveka ndithu: dziko lili ndi anthu osowa chovala, iwe n'kumadula matisheti 20 opanda chibowo. Koma funso limene sitinadzifunse usiku uja ndi lakuti, akapanda kudulidwa amapita kuti? Nthambi ya boma la America yoona za chilengedwe, EPA, inawerengera kuti mu 2018 nsalu ndi zovala zoposa matani 11 miliyoni zinakathera kudzala m'dzikomo. Zina zimapita kumasitolo a zachifundo, ndipo zimene sizinagulidwe kumeneko amazimanga m'mabelo, n'kukwera sitima, n'kudzatipeza kuno pamtengo. Sizibwera ngati mphatso, paja timachita kulimbana ndi wogulitsa mpaka thukuta. Tisheti yanga inayenda ulendo umenewo. Pali munthu amene anaigula atapsa ndi dzuwa masiku angapo, mwina anaisunga zaka zambiri, mwina ana ake ndi amene anaiika m'thumba pokonza m'nyumba maliro atatha. Lero ikuvalidwa ndi munthu amene sankadziwa ngati Sturgis ndi tauni kapena dzina la mowa. Nsaluyo sinawonongeke, ikundifunditsabe m'mawa kukazizira ku Zomba kuno. Chimene chinatayika panjira ndi zonse zimene tishetiyo inkatanthauza kwa mwini wake.

Nanga zoti ndi masewera a anthu okhuta? Njingayo inde. Harley yatsopano yoyendera maulendo ataliatali imadutsa madola 20,000, ndipo injini yake imaposa 1,700cc, pamene za kabaza zathuzi zimasewera cha m'ma 100 ndi 150. Koma kusoka chofunda ndi zovala za munthu sikunayambe ndi olemera. Ku Alabama kuli mudzi wotchedwa Gee's Bend, wozunguliridwa ndi mtsinje mbali zitatu, kumene kumakhala anthu akuda, zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje pamalo omwewo. Ambiri mpaka lero ali ndi dzina la Pettway, la mwini munda wakale. Nyumba zawo zinali zamatabwa zolowa mphepo, ndalama yogulira bulangete panalibe, choncho amayi ankang'amba mathalauza akutha a kumunda ndi matumba a ufa n'kusoka zofunda. Mu 1942 mayi wina wa kumeneko, Missouri Pettway, mwamuna wake Nathaniel atamwalira, anatenga zovala zake zogwirira ntchito n'kusoka chofunda choti azifunda pomukumbukira. Pa zofunda zoterezi umaona pamene bondo linayeretsa nsalu, ndi pamene panali thumba. Zitaonetsedwa ku Museum of Fine Arts ku Houston mu 2002, kenako ku Whitney Museum ku New York, akatswiri a zaluso anasowa chonena, ndipo mu 2006 zina zinatuluka pa masitampa a positi. Mayi wamasiye amene lero akudula matisheti a Harley akuyenda m'mapazi a Missouri Pettway, kaya amamudziwa kaya ayi.

Dandaulo limene sindingalikane ndi la kampani. Harley-Davidson inayamba mu 1903 ku Milwaukee, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inatsala pang'ono kugwa, njinga za ku Japan zitaiposa pa mtengo ndi pa kulimba. Mu 1981 mabwana ake 13 anaigula kuchoka m'manja mwa kampani ya AMF. Mu 1983 boma la Ronald Reagan linakweza msonkho pa njinga zazikulu zochokera kunja, ndipo chaka chomwecho kampaniyi inakhazikitsa gulu la eni njinga lotchedwa Harley Owners Group. Kuyambira pamenepo malonda ake enieni anakhala ubale ndi maonekedwe a munthu wosamva za wina aliyense. Dokotala wa mano amavala chikopa Loweruka n'kumadzimva ngati chigawenga, Lolemba n'kubwerera kukazula mano. Tisheti ndi gawo la malonda amenewa, ndipo kampaniyi imalondera chizindikiro chake ngati galu wa pa esiteti. Mu 1994 inayesa kulembetsa ngakhale kulira kwa injini yake kuti kukhale kwake yokha, n'kudzasiya mu 2000. Mu 2018 khoti linalamula kampani ina yosindikiza matisheti, SunFrog, kuti ilipire madola oposa 19 miliyoni chifukwa chogwiritsa ntchito zizindikiro zake popanda chilolezo. Ndiye munthu amene tsiku lonse amalalikira za ufulu, usiku amagona atafunda zotsatsa malonda a kampani, zimene analipira yekha. Apa ndiye ndimasekabe.

Komabe sizasi imachita kanthu pa malonda amenewo. Tisheti ikavalidwa imayenda mumsewu kuitanira makasitomala. Ikadulidwa n'kusokedwa imakhala kuchipinda, kumene amaiona ndi a pabanja okha, ndipo pambali pake wosoka amaikapo zina zimene kampani sinagulitse: kampango kotha kamene bambo ankamanga kumutu, tisheti ya ulendo wosonkhetsa ndalama za ana odwala, chigamba chomatula pa jekete lachikopa chokhala ndi dzina la mnzake amene anafa. Amayi athu amazidziwa zimenezi. Nsalu ya chipani imene anapatsidwa pamsonkhano, pakapita zaka amaberekera mwana, ndipo ukawafunsa sakamba za malonjezo a tsikulo. Amati, "Iyi ndinalandira ndili ndi pakati pa uje."

Mnzanga wina wamkazi amene akuphunzira Sociology nditamuonetsa chithunzi chija anagwira pena. Anati, "Ndiye mwamuna azikasangalala, mkazi azikhala pansi kumusokera chikumbutso cha chisangalalocho?" Sindikana kuti m'mabanja ambiri ndi mmene zilili. Koma chithunzi chakuti njinga ndi ya amuna, singano ya akazi, chinang'ambika kalekale. Mu 1916 atsikana awiri apachibale, Augusta ndi Adeline Van Buren, anayenda aliyense pa njinga yake kuchokera ku New York mpaka ku San Francisco, ndipo panjira apolisi ankawagwira chifukwa chovala zovala zachimuna. Bessie Stringfield, mayi wachikuda, anadutsa America yekha kangapo m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, nthawi imene mahotela ambiri sankalandira munthu wa khungu lake, mpaka nthawi zina ankagona pa njinga yake pamalo othirira mafuta. Gulu la amayi okwera njinga la Motor Maids lilipo kuyambira 1940. Alipo amayi amene amakwera okha n'kusoka matisheti awoawo. Ndipo ngakhale uja amene anakhala mpando wa kumbuyo zaka 30, mvula inamunyowetsa yomweyo, msana unamuwawa chimodzimodzi. Ulendowo unali wakenso, kungoti palibe amene ankamufunsa. Akagwira sizasi ndi pamene amanena mbali yake.

Pali chinanso chimene zithunzi za ku Sturgis sizionetsa. Mu 2022 okwera njinga zamoto oposa 6,000 anafa m'misewu ya America, ndipo boma lawo limati pa mtunda wofanana, wa pa njinga ali pachiopsezo cha imfa kuwirikiza nthawi zoposa 20 poyerekeza ndi wa m'galimoto. Ku South Dakota, kwawo kwa Sturgis, munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo sakakamizidwa kuvala chisoti, ndipo ambiri amakuona kusavalako ngati gawo la ufulu uja. Ine ndimakuona ngati uchitsiru, ndipo sindibisa. Pa Tail of the Dragon pali mtengo umene amapachikapo zidutswa za njinga zimene zinagwa m'makona aja. Njinga imalonjeza mphepo kumaso ndi msewu wopanda malire. Chofunda ndicho chimavomereza kuti ulendo uliwonse pamakhala wina wotsala pakhomo akumvetsera foni, ndi kuti tsiku lina njinga ikhoza kubwera yokha pa lole.

Zimenezi ndikuzidziwa osati pa intaneti. Achimwene anga, mwana wa amayi aakulu, ankayendetsa njinga ya kabaza. Kwa iwo sinali nkhani yosangalatsa mtima, inali ndiwo za tsikulo ndi ndalama ya mwini njinga madzulo. Komabe amene amati wa kabaza sakonda njinga yake sanaimepo pa siteji m'mawa. Achimwene ankaipukuta yawo ngati mwana, anaimata zithunzi za Bullets mpaka thanki osaoneka, anaipatsa dzina, ndipo ankadziwa kulira kwake kukasintha pang'ono pokha. Lamlungu masana ankatha kungoyenda nayo opanda pasenja, kuwononga petulo amene analibe. Anagundidwa ndi galimoto usiku wina akuchokera kokasiya kasitomala, zaka zitatu zapitazo. Patatha mwezi abale anakumana kudzagawa katundu wa malemu. Ine ndinalandira shati yamizeremizere imene ankavala kutchalitchi. Ndinaivala chaka ndi theka, inang'ambika m'khwapa, ndinaisandutsa yogonera, ndipo tsiku lina ku hosteli ndinaipeza m'manja mwanga ndikukolopera pansi. Sindinachite kuganiza. Inali itangofika pamene nsalu zonse zimafikira. Mwana wawo wamkazi anali ndi zaka zinayi pamene bambo ake ankamwalira, ndipo zithunzi zambiri zinapita ndi foni imene inasweka pangoziyo.

Sindikunyoza mwambo wathu wogawa zovala. Uli ndi nzeru zake: chovala chimapita kwa wochisowa, ndipo kwa kanthawi malemu amayendabe m'mudzi pa mapewa a abale awo. Amayi aakulu ankati akandiona nditavala shati ija amatembenuka kawiri. Koma chikumbutso chimenechi chili ndi msinkhu wa nsalu yovalidwa tsiku ndi tsiku, zaka ziwiri mwina zitatu, ndipo amene amapindula nacho ndi amuna a msinkhu wa malemu. Mwana wa zaka zinayi sangavale thalauza la bambo ake. Pofika nthawi yoti ayambe kufunsa mafunso, zonse zinatha kale kukolopera. Chofunda chimatenga zovala zomwezo n'kuzipatsa moyo wautali, chifukwa ulusi wodutsa m'magawo atatu umalimbitsa ngakhale nsalu yotopa, ndipo chimakwana munthu wa msinkhu uliwonse. Si chinthu chopachika kukhoma kuti alendo aone. Mwana akazizidwa amachikoka.

Ndikuganiza kuti chimene chinatiseketsa usiku uja n'chakuti pa msinkhu wathuwu tazolowera kufunsa funso limodzi pa chilichonse: chimabweretsa zingati? Sindikutiweruza, ntchito kulibe, ndipo amene wamaliza digiri n'kumagulitsa mabandulo a intaneti alibe nthawi ya zibwana. Koma funsolo likangotsala lokha, timayamba kuona ngati chilichonse chosalowetsa ndalama n'chopanda mutu, kaya ndi ulendo wa Lamlungu wa achimwene, kaya masabata amene mayi wina wa ku America anathera akuyeza zigamba. Ndamvapo anzanga akunena kuti zosoka zigamba za chitenje n'zabwino chifukwa alendo ochokera kunja amagula zikwama zake ku Cape Maclear. N'zoona, amagula. Palibe amene ndamumva akunena zosokera m'bale wake.

Pa holide yapitayi ndinapita kwa alamu ndi chithunzi chija pafoni, ndili ndi mantha kuti aona ngati ndawabweretsera zachizungu pa chilonda chawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jumbo. Munali jekete lonyezimira limene achimwene ankavala pa kabaza, lokhala ndi nambala ya siteji kumbuyo, limene tsiku logawa katundu palibe amene analifuna. Munalinso jezi ya Bullets yosuluka ndi thalauza limodzi lotha m'mawondo. Zinthu zitatu, osati 20. Ndinavula tisheti yanga ya Sturgis m'chikwama kuti tiwonjezere, paja nayonso ndi ya njinga. Alamu anaibweza. "Ayi alamu, imeneyo si ya bambo ake." M'malo mwake anatulutsa nsalu imene anavala pa chinkhoswe chawo, ndi bulangete lakale loti lilowe pakati m'malo mwa thonje.

Telala wa pakhonde la golosale anatembenuza jeketelo kawiri katatu. "Mayi, mukuti ndidule? Likadali lolimba ili, wina akhoza kuligula." Alamu anati adule. Iye anadandaula kuti jezi ivuta chifukwa imatamuka, ine n'kumuuza za kansalu komata ndi simbi kaja, iye n'kundiyang'ana ngati mwana wa sukulu amene akufuna kuphunzitsa agogo ake kusenda chinangwa. Anali nako kale m'kabati, amaika m'makolala a malaya. Anati timizere tonyezimira n'tolimba, tingamukande mwana kumaso, choncho atiika kumiyendo. Nambala ya siteji anati ikhala pakati. Tinagwirizana mtengo, ndinapereka theka kuchokera pa ndalama yanga ya thiransipoti, ndipo anati alamu akatenge pakatha masabata awiri, magetsi akalola kuti asite.

Ndinabwerera kusukulu chisanathe. Alamu anandiimbira Lachisanu lapitali kuti mwana wapeza masewera atsopano: amazimitsa nyali, n'kuunika kumiyendo kwa bedi ndi tochi ya pafoni kuti aone timizere tija tikuwala, ndipo akukana kugona mpaka batire litatha.